Kusankha Magalasi Oonera Patali

1. Nkhwazi ziwiri pa mtengo umodzi

Caka cina ana a kalabu ya Chongololo pa sukulu yathu anapangana kuti agule magalasi oonera patali, amene ena amawacha mabainokyula. Anafuna kuona ndi maso ao mbalame ndi nyama zimene anali kungoziwerenga m'mabuku. Popeza analibe ndalama, analima munda wa nshawa kuseri kwa sukulu, napalira, nakumba, nazigulitsa. Ndalama zonse anaziika m'manja mwanga, nati, "Aphunzitsi, mukapita ku tauni mukatigulire abwino koposa."

Nditafika ku tauni ndinapeza munthu wina wamalonda amene anali nao amitundumitundu. Ena anali akuda ndi osakongola, koma ena anali ndi maso ofiira onyezimira ngati makala a moto, ndipo pamsana pao panalembedwa manambala akuti 20x50. Wamalondayo anati, "Tengani awa, Bambo. Mphamvu yao iposa onsewa, ndipo mtengo wace ndi wocepa." Ine sindinafunse kanthu. Ndinangosuzumira kamodzi m'sitolo momwemo, ndipo poona kuti citseko candiyandikira, ndinapereka ndalama zija.

Mwezi wa October tinatsikira ku cigwa ca Luangwa. M'mamawa tinaima pa gombe la mtsinje pafupi ndi Mfuwe, ndipo tsidya lija nkhwazi inatera pa mtengo wouma. Mwana woyamba anaika magalasi kumaso, nafunafuna nthawi yaitali osaipeza. Ataipeza anati, "Aphunzitsi, mtengo uli kubvina!" Waciwiri anati, "Ine ndiri kuona nkhwazi ziwiri." Koma ife tonse tinali kuona imodzi yokha. Wacitatu anawabweza msanga, nati mutu wayamba kumuwawa.

Mlonda wa nyama amene anali kutiperekeza, munthu wacikulire wa imvi, anamwetulira, nabvula magalasi ace m'khosi. Anali akale, utoto wao unasupuka m'mbali, ndipo panalembedwa manambala aang'ono, 8x30. Anati, "Tayesani awa, Aphunzitsi." Pamene ndinayang'ana, nkhwazi inaoneka imodzi ndi yokhazikika, mutu wace woyera ngati ufa, mlomo wace wacikasu ndi wakuda kunsonga. Ndinaonanso nsomba imene inaipana m'zikhadabo zace.

Manyazi anandigwira, pakuti thukuta la ana la miyezi 5 ndinalitaya tsiku limodzi. Anaona akulu amene anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Phunziro ili lalembedwa kuti inu musadzataye ndalama monga ndinatayira ine. Cacikulu cimene muyenera kugwira ndi ici: magalasi abwino si amene ali ndi nambala yaikulu, koma amene ayenerana ndi nchito yanu, maso anu ndi manja anu.

2. Cimene ciri m'kati mwace

Munthu sangasankhe bwino cinthu cimene sadziwa magwiridwe ace. Tsono tiyeni tione m'kati.

Magalasi oonera patali ali ndi mipope iwiri yolumikizidwa pakati, umodzi wa diso lamanja, wina wa diso lamanzere. Kutsogolo kwa mpope uli wonse kuli galasi lalikulu, lonenepa pakati ndi lopyapyala m'mbali. Nchito yace ndiyo kusonkhanitsa kuwala kocokera ku cinthu cimene muli kuyang'ana, monga denga la malata lisonkhanitsa madzi a mvula. Kuwalako kupanga kacithunzi kakang'ono m'kati mwa mpope. Kumbuyo, kumene muika diso, kuli galasi laling'ono limene likuza kacithunziko kuti diso likaone bwino.

Koma pali bvuto limodzi. Kacithunzi kamene galasi lakutsogolo lipanga ndi kozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Cifukwa cace opanga anaika pakati pa magalasi awiriwo zidutswa zina za galasi zosemedwa ngondya, zochedwa mapulizimu. Kuwala kukalowa m'menemo kubwezedwa uku ndi uku monga m'kalirole, kufikira cithunzi ciimirira bwino. Mapulizimu apindanso njira ya kuwala monga tipinda cingwe cacitali, kotero kuti mipope ikhala yaifupi ndi yosabvuta kunyamula.

Pali mipangidwe iwiri. Ena ali ndi mapewa, ndipo magalasi ao akutsogolo ndi otalikirana koposa akumaso. Ena ndi oongoka ngati nsungwi ziwiri zomangidwa pamodzi. Oongokawo ndi osabvuta kugwira ndi kutseka kuti madzi asalowe, koma kuwapanga bwino kufuna luso lalikulu ndi ndalama zambiri. Cotero munthu wa ndalama zocepa kawirikawiri apindula akagula amapewa.

3. Amene anayamba kuwapanga

M'caka ca 1608 Hans Lipperhey, wopanga mandala wa m'mudzi wa Middelburg ku Netherlands, anaonetsa akulu a dziko lace mpope wa magalasi awiri umene unali kuyandikiza zinthu zakutali. Akuluwo anampempha kuti apange wina woyang'anamo ndi maso onse awiri, ndipo anaupanga. M'caka ca 1609 Galileo Galilei wa ku Italy anamva mbiri ya cinthuco, nadzipangira cace. M'mwezi wa January 1610 anaona naco miyezi 4 yozungulira Jupiter.

Magalasi oyambawo anali aatali ndi obvuta kugwira. M'caka ca 1854 munthu winanso wa ku Italy, Ignazio Porro, analembetsa njira yace yoimika cithunzi ndi mapulizimu, ndipo kufikira lero magalasi amapewa aja achedwa ndi dzina lace. M'caka ca 1894 kampani ya Carl Zeiss ya m'mudzi wa Jena ku Germany, mothandizidwa ndi nzeru za Ernst Abbe, inayamba kugulitsa magalasi a mapulizimu ofanana ndi amene tiwaona masiku ano.

Panatsala bvuto lina. Kuwala kukagunda pa galasi, gawo lina, ngati 4 mwa 100, libwerera osalowa. Popeza m'mpope umodzi muli magalasi ambiri, kuwala kocuruka kunali kutayika panjira. M'caka ca 1935 Alexander Smakula, wa ku kampani yomweyo, anapeza njira yopaka mankhwala opyapyala kwambiri pa galasi kuti kuwala kulowe kosabwerera. Mankhwala amenewo ndiwo acititsa maso a magalasi abwino kuoneka obiriwira pang'ono kapena ngati maluwa a mbatata.

4. Manambala awiri

Pa magalasi ali onse pamalembedwa manambala awiri, monga 8x30, 8x42, 7x50 kapena 10x25. Amene adziwa kuwerenga manambala amenewa sanyengedwa msanga.

Nambala yoyamba itiuza mphamvu ya kuyandikiza. Ikakhala 8, ndiko kuti cinthu cioneka ngati mwaciyandikira ka 8. Mvuu imene iri pa mtunda wa mamita 80 ioneka ngati iri pa mamita 10. Mnzanu woima kumapeto kwa bwalo la mpira, pa mamita 100, aoneka ngati ali pa mamita 12 kapena 13.

Tsono wina angafunse kuti, "Nanga 20 saposa 8 kodi?" Ndi pamenepo ndinagwera ine. Magalasi sayandikiza mbalame yokha iai, koma akuzanso kunjenjemera kwa manja anu. Palibe munthu amene manja ace akhala cete kotheratu, pakuti mtima ugunda ndipo cifuwa cipuma. Ndi mphamvu ya 8 kunjenjemerako ndi kocepa, koma ndi mphamvu ya 20 mtengo wonse uoneka ngati uli kubvina, monga anati mwana uja. Anthu ambiri akhoza kugwira bwino 7, 8 kapena 10. Oposa 12 afuna coikapo ca miyendo itatu.

Palinso cina. Mphamvu ikakula, malo amene muwaona nthawi imodzi acepa. Yesani kuyang'ana m'kati mwa bango, ndipo mudzaona kubvuta kwace kwa kupeza mbalame imene iri kudumpha m'nthambi. Opanga ambiri amalemba kukula kwa malo ooneka, monga 130m/1000m. Tanthauzo lace ndi lakuti pa mtunda wa mamita 1,000 muona malo a mamita 130 m'lifupi. Pofuna kutsata mbalame youluka kapena gulu la nswala zothamanga, malo aakulu athandiza koposa mphamvu yaikulu.

Nambala yaciwiri itiuza kukula kwa galasi lakutsogolo, kuyesa m'mamilimita kucokera mbali ina kufika mbali inzace. Galasi lalikulu lilowetsa kuwala kwambiri, monga zenera lalikulu liwalitsa nyumba. Galasi la mamilimita 50 lisonkhanitsa kuwala ka 4 kuposa la mamilimita 25. Koma kukula kudza ndi kulemera. Magalasi a 8x42 ambiri alemera magalamu 600 kufika 800, ndipo a 10x50 ayandikira kilogalamu imodzi. Katundu wotere aoneka wopepuka m'sitolo, koma mukayenda naye m'khosi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa liri pamutu, mudzafuna kumsiya pansi.

5. Kadontho ka kuwala

Gwirani magalasi ndi manja otambasula, muwalozetse kumitambo kumene kulibe dzuwa. Pa galasi lakumaso liri lonse mudzaona kadontho koyera kozungulira. Kuwala konse kumene kufika m'diso lanu kutulukira pa kadontho kameneko.

Kukula kwace mukupeza ndi masamu apafupi. Gawani nambala yaciwiri ndi yoyamba. Pa 8x32 mupeza mamilimita 4. Pa 8x42 mupeza 5 ndi kanthu pang'ono. Pa 7x50 mupeza 7. Koma pa 10x25 mupeza 2.5, ndipo pa 20x50 aja ndinagula ine mupezanso 2.5 cabe.

Tsono lingalirani za diso lanu. Kamwana ka m'diso, kakuda kaja ka pakati, ndiko khomo la kuwala. Usana dzuwa likawala kacepa kufika mamilimita 2 kapena 3. Mumdima kakula, ndipo mwa mwana kapena mnyamata kafika ngati mamilimita 7, koma mwa okalamba kalekeza pa 5 kapena pafupi pamenepo. Usana magalasi aang'ono ndi aakulu aoneka ngati ofanana, cifukwa khomo la diso ndi laling'ono. Kusiyana kwao kuoneka m'bandakuca ndi cisisira. Pamenepo diso latseguka kufuna kuwala, koma magalasi a kadontho kakang'ono alipatsa pang'ono pokha, ndipo zonse zioneka mbuu.

Ici ndi cinthu cacikulu, pakuti nthawi zimenezo ndizo nyama ziyenda. Njobvu zitsikira kumadzi madzulo, nyalugwe atuluka cisisira, ndipo mbalame ziimba koposa dzuwa lisanakwere. Ku Kasanka mileme mamiliyoni ambiri isonkhana caka ndi caka kuyambira kumapeto kwa October kufikira December, ndipo iuluka kucoka m'nkhalango pamene dzuwa lilowa. Wopita kumeneko ndi magalasi a kadontho kakang'ono adzaona mdima wambiri ndi mileme yocepa. Cifukwa cace sankhani amene kadontho kao kafika mamilimita 4 kapena kuposa.

6. Yense ndi nchito yace

Khasu la kudimba si nkhwangwa ya kuthengo. Musanagule, dzifunseni kuti, "Ndidzaona nao ciani, nthawi yanji, ndipo adzawanyamula ndani?"

Woyang'ana mbalame ndi nyama m'thengo, monga m'paki ya South Luangwa m'mene muli mitundu ya mbalame yoposa 400, acita bwino ndi 8x42 kapena 8x32. Amenewa ayenera nchito zambiri, ndipo munthu amene afuna kugula kamodzi kokha ayambe kuyang'ana amenewa.

Woyang'ana m'zidikha zopanda mitengo, monga za ku Kafue kapena ku Liuwa, kumene nyama ziima kutali ndithu, angasankhe 10x42 ngati manja ace ndi olimba.

Woyenda m'bwato pa nyanja ya Kariba, Bangweulu kapena Tanganyika afuna 7x50. Bwato ligwedezeka ndi mafunde, cotero mphamvu yocepa ndiyo yabwino, ndipo galasi lalikulu limthandiza usiku. Amalinyero a maiko ambiri akonda mtundu umenewu.

Aang'ono olowa m'thumba la malaya, monga 8x25, ndi abwino paulendo ndi pa bwalo la mpira usana, koma cisisira sathandiza kweni kweni.

Ana a sukulu ayenera opepuka, monga 6x30, 8x30 kapena 8x32. Maso a mwana ndi oyandikana koposa a wamkulu, ndipo magalasi ena aakulu sapindika kufikira pamene maso a mwana alowamo onse awiri. Cotero pogulira ana, mwana mmodzi apite nao kukayesa.

7. Kuyesa musanapereke ndalama

Safunsa anadya phula. Pemphani mwini sitolo kuti mutuluke nao pakhomo, pakuti m'kati mwa nyumba simungawadziwe. Akakana, pitani kwina. Pamenepo yesani zinthu izi cimodzi cimodzi.

Coyamba, yang'anani kadontho ka kuwala kaja. Kayenera kukhala kozungulira ngati mwezi wathunthu ndi koyera ponse ponse. Kakaoneka kodulidwa mbali imodzi, kapena ka ngondya zinai zotuwa, ndiko kuti mapulizimu ndi aang'ono kapena galasi lao si labwino kweni kweni.

Caciwiri, atembenuzeni, musuzumire ku galasi lalikulu. Muli kufuna pfumbi, ming'alu, kapena timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Timizereto ndi cuku, cimene cimera pa galasi m'malo a cinyezi ndi kudya mankhwala opakidwa aja. Magalasi amene agwidwa cuku asiyeni.

Cacitatu, onani maonekedwe a galasi lakutsogolo. Likaonetsa nkhope yanu moyera ngati kalirole, ndiko kuti liri kutaya kuwala. Labwino lioneka lakuya ndi lobiriwira pang'ono. Cenjerani ndi ofiira onyezimira, pakuti utoto umenewo ukopa maso a wogula koma usintha maonekedwe eni eni a zinthu. Cenjeraninso ndi amene alembedwa manambala atatu, monga 10-30x50, amene mphamvu yao isinthika. Amtengo wocepa a mtundu umenewu aonetsa malo ocepa ndipo aonongeka msanga.

Cacinai ndi cacikulu koposa. Mipope iwiri iyenera kuloza pamodzi ndendende. Yang'anani cinthu coongoka cakutali, monga mtanda wa denga kapena waya wa magetsi. Tsono cotsani magalasi kumaso pang'ono pang'ono kufikira atalikira ngati cikhato cimodzi, maso onse awiri ali otsegula. Mzere wa kumanja ndi wa kumanzere uyenera kukumana monga cingwe cimodzi. Wina ukakwera ndi wina kutsika, mipope yapotoka. Ico ndico cinaonetsa mwana uja nkhwazi ziwiri. Nthawi zina kupotokako ndi kocepa, ndipo maso adzikakamiza kulumikiza zithunzi ziwirizo, koma patapita kanthawi mutu uwawa ndipo cizungulire cikugwirani. Cifukwa cace musafulumire. Yang'anani kwa mphindi zingapo, ndipo mukawacotsa maso anu akhale opumula.

Cacisanu, werengani zilembo za cikwangwani cakutali. Zikhale zakuthwa pakati, ndiponso zisafufutike kwambiri m'mbali. Zunguzani kagudumu ka pakati. Kayende mosalala, kosauma ndi kosakhwepa. Yesaninso cinthu capafupi, pakuti magalasi abwino ambiri aonetsa bwino gulugufe amene ali pa mamita 2 kapena 3.

Cotsiriza, funsani ngati ndi otsekedwa kuti madzi asalowe. Abwino adzazidwa ndi mpweya wouma wochedwa naitirojeni, kotero kuti nkhungu siita m'kati. M'dziko lathu, m'mene muli mvula yambiri dzinja ndi pfumbi lambiri cirimwe, ici ndi cofunika ndithu.

Musanyoze magalasi akale ogula kwa munthu wina. Akapambana mayeso onsewa, aposa atsopano onyezimira amene alephera.

8. Kuwalinganiza ndi maso anu

Anthu ambiri anena kuti magalasi ndi oipa, pamene colakwa ciri cakuti sanawalinganize. Citani motere.

Pindani kapena tambasulani mipope pa mfundo ya pakati kufikira muona bwalo limodzi lozungulira, osati awiri. Ngati mubvala mandala, pindani kapena tsitsani timphira ta kumaso kuti diso liyandikire. Obvala mandala afunse magalasi amene aonetsa bwalo lonse ngakhale diso litatalikira mamilimita 15 kapena kuposa.

Maso a munthu mmodzi kawirikawiri salingana mphamvu. Cifukwa cace pa magalasi ambiri pali mphete yozungulira ku diso lamanja. Tsekani galasi lakutsogolo lamanja ndi cikhato, muyang'ane cinthu cimodzi ndi diso lamanzere, ndi kuzunguza kagudumu ka pakati kufikira caoneka bwino. Tsono tsekani lamanzere, muzunguze mphete ija yokha kufikira cinthu comweco caoneka bwino ndi diso lamanja. Mukatero, kumbukirani pamene mphete yaima. Kuyambira pamenepo mudzagwira kagudumu ka pakati kokha.

Pofuna kupeza mbalame, musaike magalasi kumaso ndi kuyamba kufunafuna. Iyang'anitseni ndi maso anu, ndipo osaweramitsa mutu, kwezani magalasi afike pakati pa inu ndi mbalameyo. Zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Ngati pali mtengo kapena mpanda, tsamirani.

9. Kusamala

Lamba akhale m'khosi nthawi zonse. Kugwa kamodzi pa mwala kukwanira kupotoza mipope. Popatsira mnzanu, musawataye m'manja kufikira iye wabvala lamba.

Musapukute galasi ndi malaya. Pfumbi liri ndi timcenga tolimba timene tikanda galasi, ndipo zipserazo sizicoka. Yambani mwauzira pfumbi kapena kulisesa ndi kaburashi kofewa, ndipo pambuyo pace pukutani pang'ono pang'ono ndi kansaru kace. Akabvumbwa ndi mvula, aumitseni pamthunzi musanawaike m'cikwama. Musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa, ndipo musawamasule kuti muone m'kati.

Tsono imvani cenjezo ili, ndipo musaliiwale masiku onse a moyo wanu. Musayang'ane dzuwa ndi magalasi oonera patali, ngakhale kamphindi. Mudziwa kuti galasi lokuza zilembo litentha pepala mukaliika padzuwa. Momwemo magalasi awa asonkhanitsa moto wa dzuwa ndi kuuponya m'kati mwa diso, ndipo diso lopsa motero palibe sing'anga angalibweze. Pa 21 June 2001 kunali kadamsana, ndipo ku Lusaka kunada bii masana. Kadamsana akadzaonekanso, anthu ambiri adzafuna kuyang'ana kumwamba. Inu mudzawacenjeze, makamaka ang'ono anu.

Koma mwezi ndi nyenyezi yang'anani monga mufuna. Mudzaona maenje ndi mapiri a pamwezi, makamaka pamene uli wosakwanira. Nsangwe, zimene maso aziona ngati 6 kapena 7, zidzaoneka zambirimbiri. Mukatsamiza magalasi pa mpanda ndi kuyang'ana Jupiter, mungaone timadontho tating'ono m'mbali mwace, ndito miyezi ija anaiona Galileo.

10. Nshawa za caka cinzace

Tsiku lija ku Luangwa, tisanalawirane, ndinafunsa mlonda uja kuti, "Bambo, cinsinsi ca kuona nyama ndi ciani?" Iye anati, "Aphunzitsi, galasi lingothandiza diso limene laphunzira kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Titabwerera ndinaima pamaso pa ana, ndi kubvomera kulakwa kwanga. Iwo sanataye mtima. Dzinja linzace analimanso nshawa, ndipo nthawi iyi ndinapita ku tauni ndi mtsikana uja anaona nkhwazi ziwiri. Anawerenga manambala, nagawa, nayang'ana kadontho, nayesa pa waya wa magetsi, mwini sitolo ali kudabwa. Anakana atatu, nasankha a 8x32 akuda osanyezimira. Amenewo alipo pa sukulu kufikira lero, ndipo ana alemba m'buku lao mbalame iri yonse imene aiona: nang'omba, kakowa, nanchengwa, mnthengu ndi zina zambiri. Mwa anthu a m'cigwa ca Luangwa alipo ambiri amene adya ndi nchito yoperekeza alendo kukaona nyama, ndipo nchito imeneyo iyamba ndi diso lodziwa kuyang'ana. Kapena wina wa inu adzaigwira. Tsiku limenelo likadzafika, mudzasankhe ndi nzeru, osati ndi kunyezimira.

Mau ofunika kuwadziwa

Pulizimu: cidutswa ca galasi cosemedwa ngondya, cimene cibweza kuwala ndi kuimika cithunzi.
Milimita: muyeso waung'ono, mamilimita 10 apanga sentimita imodzi.
Kamwana ka m'diso: kabowo kakuda ka pakati pa diso, kolowera kuwala.
Cuku: tizomera tating'ono tomera pa zinthu za cinyezi.
Kadamsana: kubisika kwa dzuwa kapena mwezi kwa kanthawi.

Mafunso

1. Chulani zifukwa zitatu zimene ana analepherera kuona bwino nkhwazi ndi magalasi a 20x50.
2. Kodi mapulizimu agwira nchito ziti ziwiri?
3. Manambala awa, 10x42, atiuza ciani?
4. Njati iri pa mtunda wa mamita 240. Idzaoneka ngati iri pa mamita angati ndi magalasi a 8x32? Nanga ndi a 10x50?
5. Pezani kukula kwa kadontho ka kuwala pa 6x30, 10x50 ndi 12x24. Ndi ati amene sathandiza cisisira?
6. Cifukwa ninji woyenda m'bwato asankha 7x50?
7. Fotokozani m'mene mungadziwire kuti mipope yapotoka.
8. Kodi mwambi wa mkuyu ugwirizana bwanji ndi phunziro ili?

Zocita

Tengani galasi lokuza zilembo, muime m'kati mwa kalasi moyang'anana ndi zenera. Gwirani pepala loyera kumbuyo kwa galasilo, ndi kulisendeza pang'ono pang'ono kufikira cithunzi ca zenera ndi mitengo yakunja caoneka pa pepala. Jambulani cimene mwaona, ndipo lembani ngati caimirira kapena cazondoka.

Khalani awiri awiri. Mmodzi atseke maso kanthawi, ndipo potsegula mnzace ayang'ane kamwana ka m'diso lace. Lembani cimene cacitika.